Musadikire chaka chomaliza kuti muwerenge makrediti anu

Ine graduation ya anzanga ndinaiphonya chifukwa cha makrediti atatu (makrediti ndi muyeso wa kulemera kwa kozi iliyonse imene wakhoza). Atatu okha abale. Sindinalepherepo kozi olo imodzi zaka zonse zinayi, koma semesita yomaliza ili pakati ndinangolandira imelo yoti elective ina, kozi yosankha wekha, imene ndinatenga ndili chaka chachiwiri siikuwerengedwa, ati inali ya level yotsika pomwe pulogalamu yanga inkafuna ya level yapamwamba, nde anzanga akuyesa magauni ine ndikulembetsa kozi imodzi yoti ndidzaphunzire semesita yotsatira ndi ana a chaka chachitatu. Chondiwawa mpaka lero nchoti adivaiza, mlangizi wa zamaphunziro, ndinali naye, ofesi yake ndimaidutsa daily, koma zaka zinayi ndinalowamo kawiri kokha ndipo kawiri konseko ndimangofuna siginecha.

Anthu ambiri amene amachedwa kumaliza digiri si kuti mutu sugwira ayi, ndi kamasamu kakang'ono kamene palibe anakhala pansi nkukawerengera. Nde tiyeni tikawerengere limodzi, sitepe ndi sitepe, mpaka mufike kwa adivaiza muli ndi chogwirika mmanja.

Choyamba pezani buku la malamulo a pulogalamu yanu. Kwina amati handbook, kwina catalog, kwina prospectus, dzina lilibe ntchito bola mukhale mndandanda wa makozi onse amene muyenera kukhoza kuti akupatseni digiri. Koma samalani apa, tengani la chaka chimene munalowa sukulu, osati limene lili pa website lero. Mapulogalamu amasinthidwa, kozi ina amaichotsa ina nkuiwonjezera, ndipo mmakoleji ambiri wophunzira amayendera malamulo a chaka chimene anayamba pokhapokha atapempha kapena kuuzidwa mwa kalata kuti asamukire ku atsopano. Mnzanu amene ali patsogolo panu ndi zaka ziwiri akakuuzani kuti "kozi imeneyo siyofunika ine sindinatenge" akhoza kukhala kuti akunena zoona, koma zoona za chaka chake. Lidawunilodeni, lisungeni mu foni komanso pa imelo, masamba a pulogalamu yanu muwapulinte.

Chachiwiri ndi masamu aja. Digiri imayezedwa ndi makrediti, osati zaka, zaka zija nzongoyerekeza kuti mukamatenga katundu wokwanira semesita iliyonse mumaliza nthawi yakuti. Kawerengedwe kamasiyana malinga ndi dziko. Ku America digiri yoyamba nthawi zambiri ndi makrediti 120, ku Ulaya amagwiritsa ntchito ECTS pomwe chaka chimodzi ndi makrediti 60 ndipo digiri imakhala 180 kapena 240, ku England chaka ndi 120 ndipo digiri ya honours ya zaka zitatu ndi 360. Fufuzani kuti kwanu kuno nambala yake ndi iti, muigawe ndi masemesita amene mukufuna kukhala pasukulu, yankho lake ndiye katundu wanu wa semesita iliyonse.

Ndikupatseni chitsanzo cha 120 chija chifukwa ndi pamene msampha umaonekera bwino. 120 kugawa masemesita 8 ndi 15. Koma kuti akutchuleni wophunzira wa full-time zimangofunika makrediti 12, nde anthu ambiri amalembetsa 12 nkumati zili bho sukulu yavomera, loan yatuluka, palibe wadandaula. Chulukitsani 12 ndi 8 mupeza 96. Pasowa 24, amenewo ndi masemesita awiri athunthu, chaka chonse cha fizi ndi lendi chimene simunachikonzekere. Vutoli linali lalikulu moti University of Hawaii inachita kuyambitsa kampeni yotchedwa 15 to Finish yongouza ana asukulu zimenezi basi, ndipo masukulu ena ambiri anatengera.

Koma musathamangire mbali inayo nkulembetsa makrediti 21 kuti mumalize msanga, walira mvula walira matope. Lamulo lakale limene makoleji a ku America amayendera limati ola limodzi mu kalasi limafuna maola ena awiri owerenga panokha, ndiye kuti makrediti 15 ndi maola 45 pa sabata, kuposa ntchito yolembedwa. Ku ECTS krediti imodzi amaiwerengera maola 25 mpaka 30. Ngati mumagwira ntchito maola 30 pa sabata kapena muli ndi mwana wamng'ono, 15 mwina sizitheka ndipo palibe chochititsa manyazi, kungoti mudziwiretu kuti mwasankha zaka zisanu, kapena muzitseka mpatawo ndi kozi imodzi kapena ziwiri nthawi ya holide yaitali ngati sukulu yanu imaphunzitsa nthawi imeneyo. Chimene ndikukana ine nkuchedwa mosadziwa.

Chachitatu, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Tengani pepala lalikulu mulembe mabokosi a masemesita onse otsala, kenako muyambe kudzaza kuchokera ku mapeto kubwerera mmbuyo. Inde kuyambira bokosi lomaliza. Ikanimo project kapena dissertation, ndi makozi ena onse a chaka chomaliza, kenako pa kozi iliyonse mudzifunse kuti kodi imeneyi imafuna ndikhale nditakhoza iti kaye. Amenewa ndi ma prerequisite, ndipo amalumikizana ngati tcheni. Wa sayansi amadziwa, General Chemistry 1 imatsegula General Chemistry 2, iyo nkutsegula Organic Chemistry 1, kenako 2, kenako Biochemistry, ndipo kumene zinasanjidwa chonchi ndi masemesita asanu otsatizana amene simungawapanikize olo mutakhala anzeru bwanji, chifukwa system siikulolani kulembetsa yachitatu musanakhoze yachiwiri. Wa engineering ali ndi tcheni chake cha Calculus, wa accounting chake, wa social science nthawi zambiri ndi statistics kenako research methods kenako dissertation. Tcheni chachitali kwambiri pa pulogalamu yanu chilembeni ndi cholembera chofiira. Makozi a mu tcheni chimenecho sachedwetsedwa, sadropedwa mwachisawawa, ndipo ndi amene mumawapatsa maola abwino a tsiku pamene mutu uli fresh.

Pa kozi iliyonse mulembenso kuti imaphunzitsidwa semesita iti. Ichi anthu amachiiwala. Pali makozi amene amapezeka kamodzi kokha pachaka, ena mmadipatimenti ang'onoang'ono kamodzi pa zaka ziwiri, nde mukalephera kapena kuiphonya kozi yoteroyo simunataye miyezi inayi, mwataya chaka, ndipo chilichonse chimene chimadikira iyoyo chayimanso. Ma elective ndi amene mumadzaza nawo mipata yotsala pomaliza, koma muwerenge bwinobwino zimene zalembedwa mmunsi mwa tizilembo ting'onoting'ono, kuti angati akhale a level yapamwamba, angati achokere kunja kwa dipatimenti yanu. Ine ndinagwera pomwepo.

Pepalali likhala ndi zolakwika, musadandaule. Ntchito yake nkuti adivaiza akhale ndi choti akonze.

Chachinayi, dziwani kuti adivaiza wanu ndi ndani. Zikumveka zoseketsa koma funsani anthu khumi mu kalasi mwanu muone angati ayankhe. Masukulu ena ali ndi ofesi ya alangizi amene ntchito yawo ndi yomweyo basi, ena amagawa ophunzira kwa malekichala, ku Britain mumva akuti personal tutor, kwina ndi mkulu wa dipatimenti kapena coordinator wa pulogalamu. Yang'anani pa portal, ngati palibe kafunseni sekilitale wa dipatimenti, amenewo amadziwa zonse kuposa mmene mumaganizira.

Nthawi yopita ndi kamodzi pa semesita olo zinthu zikuyenda bwino, ndipo mupite masabata atatu kapena anayi registration isanatsegulidwe. Sabata ya registration yeniyeniyo pakhomo pamakhala mzere, munthu watopa, akupatsani mphindi zisanu ndi siginecha. Kugona pakati nkuyambirira. Imelo yopempha nthawi ikhale yaifupi, moni waulemu, dzina lanu lonse, nambala yanu ya sukulu, pulogalamu ndi chaka, chimene mukufuna kukambirana mu chiganizo chimodzi, ndi masiku awiri kapena atatu amene muli ndi mpata. Tumizani kuchokera pa imelo ya sukulu, osati ija munatsegula muli ku sekondale ya dzina lachibwana ija kkkk. Pakatha masiku anayi kapena asanu osayankhidwa tumizaninso kamodzi, kenako pitani nokha pa office hours.

Chachisanu ndi mkumano weniweniwo. Tengani pepala lanu lija, transcript yanu ya magiredi onse, ndi degree audit ngati portal yanu imatulutsa, chimenechi ndi chikalata chimene kompyuta imafananitsa makozi amene mwakhoza ndi amene pulogalamu imafuna nkukuonetsani zotsala. Mukafika musayambe ndi "nditenge chani semesita ikubwerayi", funso limenelo limabala yankho la aliyense. Yalani pepalalo patebulo munene kuti ndikufuna kumaliza mwezi wakuti chaka chakuti, pulani yanga ndi iyi, ndalakwitsa pati. Mudzaona mmene munthu amasinthira kakhalidwe pampando.

Mafunso oti musatuluke musanafunse ndi awa. Kodi makozi onse amene ndakhoza akuwerengedwa pamene ndikuganiza kuti akuwerengedwa. Kodi pali kozi imene D sikwanira, chifukwa mapulogalamu ambiri amafuna C kapena kuposa pa makozi a major, phunziro lanu lalikulu, olo D itakhala pass kwina konse. Kodi pali kozi pa pulani yangayi imene chaka chamawa siidzaphunzitsidwa, mwina lekichala wake akupita ku tchuthi cha research. Ndi makozi ati amene simundilangiza kutenga semesita imodzi chifukwa onse ndi olemera. Ndipo kozi ikadzadza ndisanalembetse, yolowa mmalo mwake ndi iti. Safunsa anadya phula.

Muwauzenso zoona za moyo wanu, osati zonse, koma zimene zikukhudza sukulu. Ngati mumagwira ntchito usiku nenani, ngati fizi ya semesita ikubwerayi ikukayikitsa nenani, ngati mukudwala kapena maganizo akukulemerani nenani. Adivaiza si dokotala komanso si banki, koma amadziwa khomo loti mugogode, ofesi ya zachuma, ya uphungu, yothandiza ophunzira olumala, ya tutoring, ndipo pulani yomangidwa pa bodza loti "zonse zili bwino" imagwa sabata yachisanu ndi chimodzi.

Mukatuluka, tsiku lomwelo, lembani imelo yothokoza ndipo mubwereze zimene mwagwirizana. Makamaka ngati akuuzani kuti kozi iyi ilowa mmalo mwa iyo, kapena kuti iyi musatenge takukhululukirani. Mawu apakamwa ku ofesi ya registrar sagwira ntchito, kumafunika fomu yosainidwa ndipo muone ndi maso anu kuti zasintha mu system. Adivaiza ndi munthu, amaiwala, amasamuka ntchito, ena ali ndi ophunzira mazana, ndipo nthawi zina amalakwitsa kumene. Zimene wanena zikasemphana ndi handbook musakangane naye, muonetseni tsambalo mwaulemu mufunse kuti chimene chikugwira ntchito nchiti. Ndipo ngati mwapatsidwa munthu amene sapezeka olo pang'ono, masukulu ambiri amalola kupempha wina, kafunseni ku dipatimenti mwakachetechete.

Chachisanu ndi chimodzi, pakati pa semesita. Sabata yoyamba lembani madeti awiri mu kalendala ya foni ndi alamu. Loyamba ndi tsiku lomaliza la add/drop, pamene mungasiye kozi osasiya chizindikiro chilichonse pa transcript, limakhala mmasabata oyambirira. Lachiwiri ndi tsiku lomaliza la withdrawal, pamene mukasiya amakulemberani W, imene mmasukulu ambiri siikhudza GPA, avereji ya magiredi anu onse. Likadutsa limenelo mukangosiya kupita mu kalasi ndi F basi. Ndaonapo anthu akungosowa mu kalasi poganiza kuti asiya kozi, osalemba fomu, mapeto a semesita nkupeza F yawakhalira.

Mayeso oyamba akabwera oipa musadikire achiwiri kuti mutsimikize. Pitani kwa lekichala kaye mufunse kuti pa malikisi otsala mukufunika angati kuti mukhoze, kenako kwa adivaiza mukambirane ngati kuli bwino kulimbana nayo kapena kuisiya. Georgia State University kuyambira 2012 ili ndi system imene imayang'anira zizindikiro zoposa 800 pa wophunzira aliyense, zinthu ngati kulembetsa kozi yolakwika kapena kupeza giredi yofooka pa kozi yoyamba ya major, ndipo ikaona chimodzi adivaiza amamuitana munthuyo msanga. Mfundo yake ndi yoti C wa lero pa kozi ya maziko ndi F wa chaka chamawa pa kozi yomangidwa pamwamba pake. Sukulu yanu mwina ilibe makina oterowo, nde alamuyo mukhale inu.

Koma musanadrope chilichonse funsani kuti zikhudza chani. Scholarship zambiri ndi ma loan zimafuna makrediti akutiakuti pa semesita. Ku America thandizo la boma limafuna kuti mukhale ndi GPA ya 2.0, muzikhoza pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makrediti amene mwalembetsa, ndipo mumalize musanapyole 150% ya kutalika kwa pulogalamu, apa W imawerengedwa ngati kozi imene munayesa osamaliza. Wophunzira wochokera kunja pa visa ya F-1 akatsika pansi pa makrediti 12 opanda chilolezo cha ofesi yoona za ophunzira akunja amaika visa yake pachiswe. Nde dongosolo lake ndi adivaiza, ofesi ya zachuma, ofesi ya visa ngati ikukukhudzani, kenako fomu. Ngati vuto ndi matenda kapena maliro chakumapeto kwa semesita ndipo ntchito yambiri munachita kale, funsani za incomplete kapena mayeso ochedwetsedwa, mubweretse makalata a umboni, zimenezi ndi zosiyana ndi kulephera.

Chachisanu ndi chiwiri, mwalephera kozi. Zimachitika. Lirani tsiku limodzi kenako tengani pepala lija muone ngati ili mu tcheni chofiira. Malamulo apa amasiyana kwambiri, kwina kuli sapu (mayeso obwereza), kwina carry over (kupita chaka chotsatira mutanyamula koziyo), kwina mumabwereza kozi ndipo giredi yatsopano imafufuta yakale pa GPA, kwina amaphatikiza zonse ziwiri, ndiponso pamakhala malire a kangati mungabwereze. Funsani adivaiza kuti kwanu zimayenda bwanji zotsatira zikangotuluka, chifukwa madeti a apilo ndi olembetsa sapu amakhala afupi.

GPA nayo iwerengereni nokha, si ufiti. Pa sikelo ya 4.0, A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0, mumachulukitsa ndi makrediti a kozi, kuphatikiza zonse nkugawa ndi makrediti onse. Taonani chifukwa chake ndikuti pitani msanga. Munthu amene ali ndi 1.8 atachita makrediti 30 ali ndi mapointi 54, kuti afike 2.0 pakutha pa makrediti ena 15 akufunika 90, ndiye kuti 36 pa semesita imeneyo, avereji ya 2.4, ma C osakaniza ndi ma B angapo, zotheka. Munthu wa 1.8 yemweyo atachita makrediti 90 ali ndi 162, akufunika 210, ndiye kuti 48 pa makrediti 15, avereji ya 3.2, munthu amene wakhala akuvutika kupeza C. Dzenje ndi lomwelo koma likamakhalitsa makwerero ake amatalika. Akakuikani pa probation, chenjezo loti GPA yatsika kwambiri, musabisale, nthawi imeneyo ndi imene adivaiza amathandiza kwambiri, kuchepetsa katundu, kusankha makozi oti mubwereze amene akweze GPA msanga, ndi kukuuzani mosabisa kuti chotsatira nchani mukapanda kukwera.

Za kusintha pulogalamu kapena kusamukira sukulu ina ndingonena mwachidule. Musanasaine pemphani kuti akuwerengereni pa pepala makrediti angati apita nanu ndipo alowa pati, chifukwa kuvomera krediti ngati elective wamba nkosiyana ndi kuivomera mmalo mwa kozi ya major. Masukulu ambiri amafunanso kuti gawo lina la digiri mulichitire pompo, nde simungabwere ndi zonse kuchokera kwina. Sungani ma course outline a makozi onse amene munachita, ndi amene amayang'ana pofananitsa.

Chomaliza ndi chaka chomaliza, ndipo ntchito yake imayamba semesita imodzi chisanafike. Pemphani adivaiza kuti muchite audit yonse limodzi, mzere ndi mzere, makrediti onse, a level yapamwamba, GPA yonse ndi GPA ya major ngati amaziwerengera padera, attachment kapena internship ngati imafunika ndiponso ngati malikisi ake analowetsedwa. Chitani izi pamene mudakali ndi registration imodzi kutsogolo, kuti chikasowa china mukhale ndi pochilowetsa. Ine akanandiuza za makrediti atatu aja miyezi isanu mmbuyo ndikanangowonjezera kozi imodzi basi.

Mmasukulu ambiri digiri siibwera yokha, mumachita kulembetsa kuti mukufuna kugraduweta, pali fomu ndi deadline yake imene imatseka miyezi ingapo mwambo usanafike. Onani ngati pali hold, chotsekereza chimene sukulu imaika pa akaunti yanu mukakhala ndi ngongole nayo, buku la ku library limene munabwereka chaka choyamba, balansi ya fizi, kiyi wa ku hostel, tizinthu totere timagwira satifiketi. Giredi iliyonse imene ikuoneka kuti missing kapena incomplete ithamangireni pano lekichala wake adakalipo. Ndipo yang'anani kalembedwe ka dzina lanu mu system, lifanane ndi la pa ID ndi pasipoti chilembo ndi chilembo, chifukwa mmene lilili mu kompyutamo ndi mmene adzalisindikizire.